Pansi pali anthu

Mukadutsa m'mamawa pa mashopu akuluakulu ogulitsa zipangizo zomangira muno mu Joni, mudzaona anyamata atandandalika m'mbali mwa msewu, aliyense atanyamula chida chosonyeza ntchito yake. Wina levulo, wina mpeni womangira, wina burashi ya penti, wina kachikatoni kolembedwa kuti amayala matayilosi. Mukatchera khutu mumva Chichewa, Chiyao ndi Chitonga chikumveka pakati pa Chishona ndi Chishangani. Bakkie ikangoima onse amathamangira, ndipo nkhani imene imakambidwa pa windo la galimotoyo ndi imodzi yokha, yoti zingati pa tsiku. Palibe amafunsa ngati kumene akupitako kuli chisoti kapena magalasi oteteza maso. Sindikuwadzudzula ayi. Ukafunsa zimenezo bakkie imanyamuka ndi mnzako, iwe n'kutsala ndi levulo yako m'manja, lendi ikukudikira ku Rosettenville.

Ine ntchito yanga ndi yomanga, ndipo masiku ano ndimayang'anira kagulu ka anyamata, ambiri mwa iwo a kumudzi. Timagwira m'makomo mwa anthu: kuwonjezera chipinda cham'mwamba, kusintha denga, kukweza mpanda. Ku ntchito zikuluzikulu za ku Sandton kapena ku Waterfall kuli munthu wolembedwa kuti aziona zachitetezo basi. Sulowa pageti wopanda chisoti ndi jombo, ndipo m'mawa amayamba wakusonkhanitsani n'kukuuzani kumene crane idutse lero. Koma kuseri kwa nyumba ya munthu ku Randburg kulibe zimenezo. Kuli iwe, mnzako, nsanja yobwereka, ndi bwana amene wapita kukagula simenti ndipo akufuna pobwera apeze khoma litafika pa lintala. Kumeneko ndi kumene Amalawi ambiri timadyera, ndiponso ndi kumene tikuvulalira.

Ena savala n'komwe chisoti, izo n'zodziwika. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi amene amachivala n'kumayenda pansi pa nsanja mtima uli m'malo, poganiza kuti atetezeka. Zisoti zimayesedwa zisanapite pa msika. Pa muyezo wa ku Ulaya wa EN 397, amatenga chitsulo cholemera makilogalamu 5 n'kuchigwetsera pa chisoti kuchokera pa mita imodzi yokha. Chikapirira pamenepo ndiye kuti chakhoza. Tsopano tengani hamala yathu ija ya makilogalamu 2 yomwe timagumulira khoma, igwe kuchokera pa mamita 10, kutalika kwa nyumba ya nsanjika zitatu. Ikamafika pansi imakhala ikuthamanga makilomita 50 pa ola, ndipo mphamvu yake imaposa kanayi imene chisoti chija chinayesedwa nayo. Ngakhale njerwa imodzi ya makilogalamu 3 yochokera pa mamita 6 imaposa mayeso aja katatu. Ndipo kuchokera pa mamita 10 kufika pamutu pako hamalayo imangotenga sekondi imodzi ndi theka. Wapamwamba akamakuwa kuti "Basopo!", iwe n'kutukula mutu kuti uone chikubwera n'chiyani, ndiye kuti wangoipatsa nkhope.

Musandimve molakwa, chisoti chizivalidwa. Chimathandiza pa bawuti, pa kamwala, pa mutu wogunda paipi ya nsanja, ndipo ngakhale pa chinthu cholemera chimatha kusandutsa maliro kukhala bala losoka. Koma mphamvu yake yagona pa kampata kali pakati pa pulasitiki yapamwamba ndi malamba am'kati. Kampata kameneko ndi kamene kamameza nkhonya. Ndiye uone zimene timachita. M'nyengo yozizira ya June timalowetsa chipewa chokhuthala m'kati mpaka chisoti kumangoti tembe pamwamba. Ena amasungamo fodya ndi machesi. Pa nkhomaliro chimasanduka mpando, kapena chotungira madzi othira mu daka. Chikatero chimakhala padzuwa kumbuyo kwa bakkie miyezi ndi miyezi, ndipo dzuwa la kuno limaumitsa pulasitiki mpaka kumathetheka. Pansi pa mlomo wa chisoti pamadindidwa mwezi ndi chaka chimene chinapangidwa, tazikayang'anani. Chimene chamenyedwa kamodzi mwamphamvu n'chotaya, ngakhale mng'alu usakuoneka.

Pa ntchito ina imene ndinkagwira ndisanayambe kuyang'anira anthu, tinali ndi mnyamata wa ku Mangochi wosakaniza daka, wolimbikira moti bwana ankamukonda kutiposa tonse. Tsiku limenelo anali atavala chisoti bwinobwino, ndipo sanali pansi penipeni pa nsanja, anali chapatali ndithu akukankha wilibala. M'mwamba mmisiri wina anali atasiya hamala pa thabwa kuti ayankhe foni. Mnzake podutsa anaponda kumapeto kwa thabwalo, thabwa linanjanja, hamala n'kutsetsereka. Sinagwe molunjika. Inayamba yagunda paipi yopingasa ya nsanja, n'kudumphira kumbali, n'kukamupeza mnyamatayo paphewa. Tinangomva kulira kwa chitsulo kenako wilibala ikugubuduka. Anakhala pansi atagwira mkono, nkhope itatuwa, n'kumati, "Achimwene, ndani wandigenda?" Fupa la pakati pa khosi ndi phewa linali litathyoka, likuoneka kutukula khungu pansi pa malaya. Miyezi yotsatira anaithera m'chipinda ku Mayfair, anzake akusonkherana za lendi, mkazi wake kumudzi akuimba foni kufunsa za feteleza.

Madzulo a tsiku lomwelo nkhani inali itasintha kale. Mnyamatayu anali atangotumiza ndalama za malata kwawo, ndiye anthu anati basi, ndi zakumudzi izi, hamala ingakhote bwanji m'malere kutsata munthu? Ine za kumudzi sinditsutsana ndi munthu, aliyense ali ndi chikhulupiriro chake. Koma hamala ija inakhota chifukwa inagunda paipi, ndipo inagwa chifukwa nsanja ija inalibe thabwa lam'mphepete. Nsanja yomangidwa mwa malamulo imakhala ndi thabwa loimika m'mphepete mwa popondapo, lotalika masentimita 15, loti chida chikatsetsereka chigunde pamenepo. Ife timalichotsa kapena sitiliika n'komwe chifukwa matabwa ndi ochepa, ndipo tikaloza azakhali a ku Mangochi ndiye kuti mawa nsanja ija ikhala chimodzimodzi.

N'chifukwa chake pa gulu langa ndimalimbana kwambiri ndi amene ali pamwamba kusiyana ndi amene ali pansi. Wapansi sangachite kanthu, maso ake ali pa fosholo. Wapamwamba ndiye akudziwa chimene wagwira ndi pamene wachisiya. Hamala, sipanala ndi tepi timazimanga ndi kachingwe ku lamba wa m'chiuno kapena ku nsanja. Poyamba anyamata ankadandaula kuti chingwe chimakola, koma pano anazolowera. Misomali ndi mabawuti zimakhala m'kachikwama kotseka, osati m'thumba la malaya lomwe limakhuthuka munthu akangowerama. Foni nayonso chimodzimodzi. Zinyalala za m'mwamba zimatsika mu ndowa ya chingwe, ndipo ndowayo isadzaze mpaka m'milomo. Pansi timazungulizapo tepi yofiira ndi yoyera, motalikirako ndithu poganizira zodumpha zija, ndipo m'kati mwa tepiyo simulowa munthu, kaya ndi mwini nyumba amene akufuna kujambula kuti atumizire mkazi wake. Lamulo limene limandidanitsa ndi mabwana ndi loti anthu awiri asagwire ntchito wina pamwamba pa mnzake. Wopaka pulasitala pansi adikire womanga m'mwamba amalize mbali imeneyo, kapena apite khoma lina. Zimachedwetsa, inde.

Kuponyerana njerwa ndiye kunandivuta kuletsa, chifukwa ndi luso limene anyamata amanyadira. Wapansi amaponya ziwiriziwiri zitaphatikana, wapamwamba n'kuwakha osayang'ana n'komwe, uku akuimba. Kunena zoona zimasangalatsa kuonerera, ndipo kumudzi tonse tinakulira momwemo pomanga matchalitchi ndi masukulu. Koma kumudzi khoma limathera pa mamita atatu ndipo njerwa zake ndi zowotcha za pa chulu. Kuno ndi za simenti, zakuthwa m'mbali, ndipo zikuponyedwa nsanjika yachiwiri kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pa njerwa mazanamazana za tsiku limodzi pamangofunika imodzi yoterereka m'manja otopa, ndipo amene ali pansi pake ndi woponya uja, nkhope ili m'mwamba.

Pali ndi mphepo. Amene wakhalitsa kuno akudziwa mphepo ya August, ndi mabingu a masana a m'chilimwe amene amabwera mwadzidzidzi kumwamba kunali kowala. Lata losakhomera likanyamulidwa ndi mphepo yoteroyo limadula chilichonse chimene lapeza, ndipo silisankha kuti uyu ndi wantchito, uyu ndi mwana wa aneba akusewera kuseri kwa mpanda. Malata amene takweza koma sitinakhome timawamanga mtolo ndi chingwe nthawi yomweyo, osadikira yoweruka. Kuwatsendereza ndi njerwa n'kungowonjezera zodzagwa. Zoti chogwa sichisankha anaziona anthu onse pa 14 October 2015, pamene zitsulo zochirikiza mlatho wa oyenda pansi umene unkamangidwa pa Grayston Drive zinagwera pa msewu wa M1 masana magalimoto akudutsa. Anthu 2 anafa, 19 anavulala, ndipo amene anafawo ankangodutsa pa msewu.

Agogo athu amene ankabwera ku migodi ya kuno kudzera ku Wenela ndi ku Theba ankaidziwa nkhaniyi kutiposa. Mu mgodi mdani wamkulu ndi mwala wogwa kuchokera kudenga, ndipo mwambo wa kumeneko ndi woti ntchito isanayambe, pamalo pamene paphulitsidwa pamayamba palowa anthu ndi zitsulo zazitali, kugogoda denga, kumvetsera kulira kwake, n'kugwetseratu mwala uliwonse wogwedera. Ankayamba ayang'ana kumwamba asanagwire fosholo. Chisoti cha kumgodi chomwecho ndi chimene ochemerera mpira kuno amachicheka n'kuchipaka utoto, chija amati makarapa. Anayambitsa ndi Alfred Baloyi, wochemerera Kaizer Chiefs, mu 1979, ataona munthu akugendedwa botolo pamutu m'bwalo la mpira. Ndimaseka ndekha ndikaona mnyamata amene Loweruka amavala makarapa tsiku lonse ku FNB Stadium osadandaula, koma Lolemba akuti chisoti chimamupweteketsa mutu.

Zogwa zimaopsa chifukwa zimapha. Koma zimene zatipundula ambiri mwakachetechete ndi zouluka, ndipo mfumu yake ndi grinder, makina a m'manja ozunguza disiki yodulira kapena yopalira. Palibe ntchito yomanga, yowotcherera kapena yoyala matayilosi imene ilibe grinder, ndipo mwa amene ndawaona akuigwira, ochuluka sanaphunzitsidwepo, anangoonera. Disiki yodulira imapangidwa kuti m'mphepete mwake muzithamanga mpaka mamita 80 pa sekondi, omwe ndi makilomita pafupifupi 290 pa ola. Ikasweka, zidutswa zake zimachoka pa liwiro limenelo. Chitsulo chophimba theka la disiki chija chinaikidwa kuti zidutswazo zipite kutali ndi nkhope yako. Ife timachimasula tsiku lomwe grinder yagulidwa, ati chimatchinga kuona mzere, ati sichilola kulowa pakona.

Choopsa kwambiri ndi chifukwa china chimene timachichotsera, chofuna kuika disiki yaikulu pa grinder yaing'ono. Grinder yaing'ono ya mamilimita 115 imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi. Disiki yaikulu ya mamilimita 230 inapangidwira maulendo osaposa 6,600. Manambalawa analembedwa pa disiki pomwepo ndi pa grinder pomwe, koma ndani amawerenga? Ndamvapo mmisiri wamkulu ndithu akunena kuti disiki yaikulu ikadyeka n'kuchepa ndiye yakwanira pa kagrinder kakang'ono, kutaya n'kuwononga. Ndi mtima wosafuna kutaya kanthu umene tinakula nawo, ndipo pa zinthu zina ndi wabwino, koma apa ayi. Madisikiwa alinso ndi tsiku lothera ntchito, lodindidwa pa kachitsulo kapakati, kawirikawiri zaka 3 kuchokera pamene anapangidwa, chifukwa guluu wogwira mchenga wake amafooka, makamaka akanyowa. Disiki imene yagona m'bokosi la zida pansi pa hamala ndi tchizulo, kapena imene yagwa pa konkire, ikhoza kukhala ndi mng'alu wosaoneka. Ndipo yodulira ndi yodulira basi, ndi yopyapyala, ukaigoneka chammbali kuti upalire nayo chitsulo ukuipempha kuti isweke. Ndikamanga disiki yatsopano ndimayamba ndailiza kaye m'malere kwa kanthawi, italoza kopanda munthu, ndisanaigunditse pa chitsulo.

Kusweka kwa disiki sikuchitika tsiku lililonse. Cha tsiku ndi tsiku ndi chitsotso. Kachitsulo kochepa ngati njere ya mpiru, kotentha, kamalowa m'diso n'kumatirira pa galasi la diso. Munthu amatikita, misozi imatuluka, amati chituluka chokha. Mnzake amamuuzira mpweya m'diso monga tinkachitira tili ana. Zikakanika pamabwera kona ya mpango, kamtengo ka machesi, ena mpaka maginito kapena singano. Ndaonapo munthu wamkulu atagonekedwa chagada pa matumba a simenti, mnzake atamukanula chikope ndi zala za daka, akufufuza ndi kapepala kopinda. Pamene akuchita zimenezo kachitsulo kaja kayamba kale kuchita dzimbiri m'diso, chifukwa sipatenga maola ambiri, ndipo dzimbirilo amachotsa ndi a chipatala okha. Kutsuka ndi madzi oyera ndi kokhako kololedwa. Chikapanda kuchoka, kapena ngati chabaya n'kulowa m'kati, osachikoka, osatikita, phimbani diso mosatsindika ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Soweto kuli St John Eye Hospital, pa Chris Hani Baragwanath, yoona za maso zokhazokha. Simenti kapena laimu ikagwera m'diso ndiye zina, imawotcha, ndipo pamenepo madzi ayenera kuthiridwa mosalekeza kwa mphindi 20 musanaganize n'komwe za galimoto.

Magalasi oteteza maso mtengo wake suposa wa mbale ya papa, nsima ya kuno, ndi nyama pa renki ya taxi. Chovuta si mtengo. Amachita nthunzi ukatuluka thukuta, amakalika ukawaponya m'bokosi la zida, ndipo akakalika suona bwino, ndiye umawakweza pachipumi. Mankhwala ake ndi kuwasunga mu sokosi yakale ndi kugula ena akatha. Magalasi a dzuwa a pa msewu si omwewo, amasweka n'kuwonjezera zolowa m'diso. Pa grinder pamafunikanso chophimba nkhope yonse pamwamba pa magalasiwo. Ndipo avale ndi wogwirizira chitsulo yemwe, chifukwa moto wa grinder nthawi zambiri umalunjika kwa iyeyo osati kwa wodula.

Si omanga okha. Tchizulo chimene mutu wake waphwanyika n'kutambasuka chifukwa chomenyedwa chimathothoka tizidutswa, choncho mutuwo uzisulidwa. Msomali wa konkire ukamenyedwa mokhota umaduka n'kuuluka. Abale athu ambiri ali m'minda ya maluwa ku Bryanston ndi ku Northcliff, ndipo makina otchetchera udzu a m'manja aja amagenda timiyala moti opanga ake amati anthu ena atalikire mamita 15. Alongo athu ndi anyamata a m'mashopu a ku Fordsburg ndi ku Crown Mines amasanja makatoni mpaka kudenga, n'kumasolola lapakati kasitomala akafuna mtundu wina. Malamulo a dziko lino amati mulu wosanjikiza usatalike kuposa katatu mbali yaifupi ya tsinde lake, ndipo potsitsa uziyambira pamwamba. Zolemera pansi, zopepuka m'mwamba.

Pa nkhani ya malamulo ambiri timangoti ife ndife alendo, sizitikhudza. Lamulo la zachitetezo pa ntchito la 1993, Occupational Health and Safety Act, limati zodzitetezera amapereka ndi wolemba ntchito, ndipo saloledwa kukudula malipiro chifukwa cha chisoti kapena magalasi. Lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pa ntchito la chaka chomwecho, lomwe anthu amangoti COIDA, limawerengera ndi waganyu yemwe, ndipo kuyambira mu November 2020, pamene khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula, antchito a m'nyumba nawonso analowamo. Mu 2008 khoti la zantchito linagamula pa mlandu wa Discovery Health kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chatha akadali wantchito pamaso pa lamulo. Ndikudziwa kuti pepala ndi lina, moyo ndi wina. Munthu amene pasipoti yake inadutsa masiku akamva mawu oti ofesi amaganiza za Lindela, malo osungirako alendo odikira kubwezedwa kwawo, ndipo mabwana ena amadziwa bwino kugwiritsa ntchito mantha amenewo. Nyumba imene inkamangidwa m'tauni ya George itagwa mu May 2024 n'kupha anthu 34, pakati pa omwalirawo panali Amalawi, ndipo tonse tinaona mmene mauthenga a zopereka anayendera pa WhatsApp. Timadziwa kusonkha za bokosi ndi galimoto yopita kumudzi. Kupempha magalasi kwa bwana ndiye timachita manyazi, pamene akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Njira imene ndaona ikugwira ndi yopempha muli gulu, m'mawa ntchito isanayambe, mwaulemu: "Bwana, grinder ilibe chophimba, tiyambe kaye mbali ina mpaka chibwere." Mmodzi amachotsedwa mosavuta. Gulu lonse pakati pa ntchito, denga lili pululu, bwana amaganiza kawiri.

Zikachitika, munthu amene wamenyedwa pamutu asapusitse anthu chifukwa wadzuka n'kuyamba kuseka. Magazi amatha kumadontha m'kati mwa chigaza pang'onopang'ono, munthu akuyankhula bwinobwino, n'kudzakomoka patapita maola. Ngati anakomoka ngakhale pang'ono, akusanza, akusokoneza mawu, akuodzera mosadziwika bwino, kapena mutu ukupweteka mowonjezereka, ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo 112 imaimbika pa foni iliyonse ya m'manja ngakhale yopanda mayunitsi. Ngati akudandaula khosi musamunyamule mwachisawawa kumuponya mu bakkie. Usiku woyamba asagone yekha m'chipinda chotseka.

Wina ajambule malowo, chida chimene chagwa, ndi balalo, zinthu zisanasunthidwe. Wolemba ntchito ayenera kukanena za ngoziyo pasanathe masiku 7, pa fomu yotchedwa W.Cl.2. Pali mabwana amene pa ulendo wa kuchipatala amakunong'oneza m'galimoto kuti ukanene kuti wavulalira kunyumba, iwo alipira zonse ndipo ntchito yako ikudikira. Amalipiradi tsiku loyambalo, mwinanso sabata yoyamba. Ukafika pamaso pa dokotala nena kuti wavulala pa ntchito, tchula malo, tsiku ndi chimene chakumenya, ndipo usataye khadi la kuchipatala. Zimene dokotala walemba tsiku limenelo ndi zimene a Compensation Fund, omwe amapereka chipukutamisozi chija, adzawerenge, ngakhale diso litadzasiya kuona patapita miyezi, bwana uja atasintha kale nambala ya foni.